CDAWeb ndi OMNIWeb, kumene ndimatenga deta ya mphepo ya dzuwa: ndemanga yanga

Ngati mukufuna deta yeniyeni ya mphepo ya dzuwa, manambala oti muwaike mu kompyuta yanu nkumawerengera nokha, poyambira pake ndi CDAWeb ndi mnzake OMNIWeb, mawebusayiti awiri amene amasamalidwa ndi Space Physics Data Facility ya NASA ku Goddard Space Flight Center ku Greenbelt, Maryland. Ndineneretu kuti ine ndimawakonda kwambiri ndipo aliyense wondifunsa ndimamulozera komweko, safuna akaunti, safuna kalata yopempha chilolezo, mumangolowa nkusankha chombo nkusankha masiku basi deta ija yabwera. Koma pali chinthu chimodzi chimene chimandikhala pamtima ndipo ndemangayi yazungulira pa chimenecho. Kuphweka kwakeko kumampangitsa munthu kuganiza kuti nambala imene yalembedwa kuti density (kuchuluka kwa tinthu) kapena temperature (kutentha) inachita kuyezedwa mwachindunji kumwambako, pomwe zoona zake nzakuti palibe chipangizo cha ma ayoni (tinthu tokhala ndi chaji, monga mapulotoni) olo chimodzi chimene chimayeza zimenezo. Chipangizo chimamva ka magetsi kochepetsetsa kapena chimawerenga kugunda kwa tinthu, zotsalazo ndi masamu a anthu, ndipo masamuwo ali ndi njira zingapo zimene sizigwirizana nthawi zonse.

Kwa amene nkhaniyi ndi yachilendo, mphepo ya dzuwa ndi pulazima, mpweya wa tinthu tokhala ndi chaji ya magetsi, imene imatuluka ku dzuwa usana ndi usiku, mapulotoni ndi maelekitironi makamaka, kuphatikizapo ma alpha ochepa, amene ndi mitima ya helium, pafupifupi 4 pa mapulotoni 100 alionse. Eugene Parker anaiwerengera pa pepala mu 1958, gulu la Konstantin Gringauz linaimva ndi zipangizo za pa Luna 2 mu 1959, kenako Mariner 2 mu 1962 inaiyeza kwa miyezi ingapo ndipo Marcia Neugebauer ndi Conway Snyder anaonetsa kuti siimaleka. Ikamafika kufupi ndi dziko lathu imakhala ikuthamanga 300 mpaka 400 km/s ngati ili yodekha ija, 700 mpaka 800 km/s ngati ili yothamanga, mapulotoni ngati 5 okha pa cm³ imodzi, kutentha cha m'ma 100,000 K, maginito ake ngati 5 nT. Nde taganizani, tinthu 5 m'malo aakulu ngati nsonga ya chala, ndipo tikufuna tidziwe liwiro lake, kumene tikulowera, kuchuluka kwake ndi kutentha kwake.

Deta imene ndimaikhulupirira kuposa ina yonse pa CDAWeb ndi ya chombo cha Wind, chimene chinanyamuka pa 1 Novembala 1994 ndipo kuyambira 2004 chakhala chikuzungulira pa malo otchedwa L1, mtunda wa makilomita pafupifupi 1.5 miliyoni kuchokera kuno kulowera ku dzuwa. Pa Wind pali chipangizo cha SWE chimene chili ndi ma Faraday cup awiri opangidwa ku MIT, imodzi yopendekera m'mwamba madigiri 15 ina pansi madigiri 15. Mmene Faraday cup imagwirira ntchito ndi nkhani yokoma ndipo mukaimvetsa theka la deta ija mwalimva kale. Ndi kapu yachitsulo, pansi pake pali mbale yolandira tinthu, kukamwa kwake kuli mawaya olukana opatsidwa magetsi amphamvu. Mawayawo amakhala ngati sefa, pulotoni imene mphamvu yake ili yochepera pa voltage imene yaikidwa imabwezedwa, yamphamvu kuposa pamenepo imadutsa nkukagunda mbale. Chanzeru chake nchakuti voltage ija siikhala pamodzi, imadumpha pakati pa milingo iwiri mofulumira kwambiri, nde magetsi amene akufika pa mbale nawonso amadumpha, ndipo kukula kwa kudumphako ndi kumene kumakuuzani kuti tinthu tokhala ndi mphamvu ya pakati pa milingo iwiriyo ndi tochuluka bwanji. Magetsi ena onse osadumpha nawo limodzi, monga aja obwera chifukwa cha kuwala kwa dzuwa kukamenya chitsulo nkuchotsa maelekitironi, amangotayidwa. Zimene zikuyezedwa apa ndi ma picoampere, tinthu tating'ono kwabasi.

Wind imazungulira pa yokha kamodzi pa masekondi 3 alionse, nde pa kuzungulira kumodzi makapu aja amayang'ana mbali zosiyanasiyana ali pa window imodzi ya voltage, kenako amasunthira pa window yotsatira, kuyambira cha m'ma 150 V mpaka 8 kV, ndipo kuti amalize ma window onse, amene amafika 31, pamatenga masekondi pafupifupi 92. Ndiye mukaona pa CDAWeb kuti deta ya SWE ndi ya masekondi 92 musaganize kuti ndi avareji ya miyezo yambiri ya density ayi, imeneyo ndi nthawi imene chipangizo chimatenga kuti chisonkhanitse chithunzi chimodzi chokha. Izi zili ndi zotsatira zake. Ngati mkati mwa masekondi 92 amenewo maginito agwedezeka kapena liwiro lasintha, zimene zimachitika kwambiri mu mphepo yothamanga ija yodzaza ndi mafunde a Alfvén, amene ndi kugwedezeka koyenda motsatira maginito, chithunzicho chimafufutika, chimaoneka chotambalala kuposa mmene chilili, ndipo kutambalala ndi kumene timakutcha kutentha. Chipangizo sichinaname, koma kutentha kumene mungawerengere kukhala kokwererapo.

Apa nde pafika pamene ndimaiyamikira CDAWeb ndi mtima wonse. Kuchokera pa magetsi aja pali njira ziwiri zazikulu zopezera manambala. Yoyamba ndi ya ma moments, mumangophatikiza zonse zimene chipangizo chaona, kuphatikiza koyamba kumakupatsani density, mukachulukitsa ndi liwiro mupeza liwiro la gulu lonse, mukachulukitsa ndi sikweya ya kusiyana kwa liwiro mupeza kutentha. Ubwino wake suyenera kuganizira kuti gululo lili ndi maonekedwe anji, kuipa kwake imameza chilichonse, phokoso la chipangizo, tinthu tosayenera, ndipo poti kutentha kumawerengedwa ndi sikweya, kanthu kakang'ono kamene kali kutali ndi pakati kamakoka nambala mwamphamvu zedi. Komanso ngati mbali ina ya gululo ili kunja kwa kumene chipangizo chimaona, ma moments sadziwa, amangokupatsani density yochepa ngati kuti ndi yonse. Yachiwiri ndi ya fit, mumayamba mwanena kuti tiyerekeze kuti mapulotoniwa ali mu bi-Maxwellian, kutanthauza kuti ali ndi kutentha kwina motsatira maginito ndi kwina mopingasa maginito, kenako kompyuta imasintha density, liwiro ndi kutentha kuwiriko mpakana magetsi oyerekezawo afanane ndi amene anayezedwa. Imeneyi siitengeka ndi phokoso ndipo imatha kudzaza pamene sipanaoneke, koma imakupatsani yankho la funso limene mwaifunsa basi. Mphepo yothamanga nthawi zambiri imakhala ndi gulu lachiwiri la mapulotoni, amalitcha beam, limene limathamanga kutsogolo kwa gulu lalikulu motsatira maginito ndi liwiro loyandikira la mafunde a Alfvén aja, nde fit ya gulu limodzi imatha kulisiya kunja kapena kulimeza mwatheka, pomwe ma moments amaliwerengera lonse nkukweza kutentha kwa motsatira maginito.

Deta ya WI_H1_SWE ili ndi zonse ziwiri mu fayilo imodzi. Muli Proton_Np_nonlin ndi Proton_Np_moment, amene ndi density ya fit ndi ya ma moments, liwiro la njira zonse ziwiri, Wpar ndi Wperp zoonetsa kutentha motsatira ndi mopingasa maginito, za ma alpha, chi-square yoonetsa kuti fit inakwana bwanji, ndi fit_flag imene ikakhala 10 ndiye kuti zinthu zinayenda bwino. Kwa ine chimenechi ndi chifukwa chokwanira chogwiritsira ntchito CDAWeb, chifukwa simukakamizidwa kukhulupirira njira imodzi, mumatha kujambula zonse ziwiri pa gilafu imodzi nkuona pamene zikuyendera limodzi ndi pamene zapatukana, ndipo pamene zapatukanapo ndi pamene pali nkhani, mwina pali beam, mwina ma alpha alowerera, mwina shock, funde lamphamvu losintha mphepo mwadzidzidzi, yadutsa pakati pa muyezo. Njira ya fit imeneyi anaikonza bwino ndi Justin Kasper ndi anzake, yemweyo amene pambuyo pake anadzatsogolera zipangizo za SWEAP pa Parker Solar Probe.

Nkhani ya ma alpha ndiiime pang'ono chifukwa ndi imene imasokoneza anthu ambiri. Faraday cup, ngakhalenso electrostatic analyzer wamba, chipangizo china choyeza ma ayoni chimene ndifotokoza kutsogoloku, siidziwa kulemera kwa kanthu, imangodziwa mphamvu pogawa ndi chaji. Pulotoni yothamanga 400 km/s ili ndi mphamvu pafupifupi 840 eV. Alpha imalemera kanayi koma chaji yake ndi iwiri, nde pa liwiro lomwelo imaonekera pa voltage yowirikiza kawiri, cha m'ma 1.7 kV, ndipo mukaiwerenga ngati pulotoni ioneka ngati ikuthamanga mochulukitsa ndi 1.4. Mphepo ikakhala yozizira palibe vuto, pa gilafu mumaona mapiri awiri osiyana bwinobwino, lalikulu la mapulotoni ndi laling'ono la ma alpha. Koma ikatentha, monga kumbuyo kwa shock, phiri la mapulotoni limatambalala nkufika pa la ma alpha, ndipo apa munthu kapena pulogalamu imayenera kugamula kuti malire ali pati. Ma alpha akalowa mu ma moments a mapulotoni, density siisintha kwambiri koma kutentha kumalumpha. Komanso musawapeputse poti ndi 4 pa 100, pa kulemera amatenga gawo loposa 10 pa 100 la mphepo yonse, ndiye pa pressure imene imakankha maginito a dziko amawerengedwa ndithu.

Pamene ndingakonde kuti CDAWeb ikanachita bwino ndi pa nkhani ya thermal speed, liwiro la kugwedezeka kwa tinthu chifukwa cha kutentha. Deta zambiri za Faraday cup sizikupatsani kutentha mu kelvin, zimakupatsani liwiro W mu km/s, ndipo pali matanthauzo angapo a liwiro limeneli amene anthu a pulazima amagwiritsa ntchito. Pa SWE ndi sikweya ruti ya 2kT/m (k ndi nambala yokhazikika ya Boltzmann, T ndi kutentha, m ndi kulemera kwa pulotoni), nde kutentha kumapezeka pochulukitsa W² ndi 60.5, mwachitsanzo W ya 40 km/s ikupatsani pafupifupi 97,000 K. Wina akatenga tanthauzo la kT/m lopanda 2 lija apeza kutentha kowirikiza kawiri ndipo palibe chimene chingamuchenjeze, gilafu idzaoneka yabwinobwino. Deta zina zimapereka kutentha mu eV, ndipo 1 eV ndi 11,604 K. Zonsezi zinalembedwa, ngati mutsegula kufotokoza kwa deta ija muzipeza, koma zili mkati, pamene munthu wothamangira gilafu safikapo. Chikhala ine tanthauzo la W ndikanaliika pambali penipeni pa bokosi lochongapo. Chimodzimodzinso ndi ma flag, tsamba lojambulira limakulolani kusankha density osasankha fit_flag, nde mfundo yabwino ndi yokayikitsa zimaoneka mofanana pa mzere umodzi.

Pa Wind yomweyo palinso chipangizo china, 3DP, chimene chimayeza mapulotoni ndi electrostatic analyzer, ndipo deta yake ya WI_PM_3DP imabwera pa masekondi 3 alionse, ma moments owerengedwa m'chombo momwemo. Analyzer imagwira ntchito mosiyana, tinthu timadutsa pakati pa mbale ziwiri zopindika, tokhala ndi mphamvu yoyenera tokha ndi timene timakhota bwino nkufika kumapeto, kumene timawerengedwa kamodzikamodzi. Imaona mbali ndi mphamvu mwatsatanetsatane ndipo ndi yofulumira, koma chowerengeracho chimakalamba, mphamvu yake imatsika ndi zaka, ndipo tinthu tikachuluka kwambiri chimalephera kuwerenga tonse. Kuti kuwerengako kusanduke density pamafunika nambala ya calibration imene imayenera kukonzedwa nthawi ndi nthawi. Faraday cup ilibe zambiri zoti zikalambe, ndi chitsulo ndi mawaya, nchifukwa chake density yake imakhazikika kwa zaka makumi. Nde mukaika SWE ndi 3DP pamodzi, zipangizo ziwiri pa chombo chimodzi mu mphepo imodzi, muona kuti pa liwiro zimagwirizana bwino kwambiri, pa density zimatha kusiyana mooneka, pa kutentha nde kwambiri. Mmenemo ndi mmene ndimakhulupirira manambalawa kulikonse, liwiro poyamba chifukwa limangodalira kudziwa voltage imene phiri laonekera, density pambuyo chifukwa imadalira calibration, kutentha komalizira.

Pali njira yokongola yoyesera density popanda kudalira chipangizo cha ma ayoni, ndipo deta yake ilinso pa CDAWeb pomwepo. Pulazima imalira pa frequency yakeyake imene imadalira kuchuluka kwa maelekitironi basi, pafupifupi 9 kHz kuchulukitsa ndi sikweya ruti ya density pa cm³, nde pa maelekitironi 5 mzere wake uonekera cha m'ma 20 kHz. Ma antena a chipangizo cha WAVES pa Wind amaumva mzerewo. Poti mphepo yonse ilibe chaji yotsala, maelekitironi ayenera kufanana ndi mapulotoni kuphatikiza ma alpha kawiri, ndiye muli ndi choyezera chimene sichidalira kukalamba kwa chowerengera chilichonse. Ndimaona kuti aliyense wolemba zotsatira zodalira density amayenera kupanga cheke imeneyi olo pa masiku ochepa chabe a deta yake.

Tsopano OMNIWeb. Imeneyi ndi ya anthu amene akufuna mzere umodzi wautali osavutika ndi kusankha chombo, deta ya ola lililonse imayambira 1963, ndipo palinso ya mphindi imodzi ndi ya mphindi 5. Ntchito imene Joe King ndi Natalia Papitashvili anagwira pamenepa ndi yaikulu, anatenga zombo zosiyanasiyana, IMP 8, Wind, ACE ndi zina, nkufananiza density ndi kutentha kwake kuti zikhale pa mulingo umodzi, potsatira ma fit a Wind SWE. Deta ya mphindi ija imasunthidwanso nthawi kuti ioneke ngati yayezedwa pamphuno pa bow shock ya dziko, pamene mphepo imayamba kugundana ndi maginito a dziko, chifukwa kuchokera pa L1 mphepo ya 400 km/s imatenga pafupifupi ola limodzi kuti ifike. Pa kafukufuku wa mikuntho ya maginito, pofananiza ndi Dst kapena Kp, manambala oonetsa kukula kwa mkuntho, OMNI ndi yosavuta ndipo ndi imene aliyense amagwiritsa ntchito, mukafuna kuona mkuntho wa pa 10 ndi 11 Meyi 2024 uja umene unafika G5, mulingo wapamwamba kwambiri, mumangolemba masiku nkuchonga Bz (gawo la maginito loloza kumpoto kapena kumwera), liwiro, density ndi pressure, zonse zabwera pa tsamba limodzi.

Koma OMNI ndi chinthu chophikidwa kale, ndipo apa mpamene chenjezo langa lija likulimba. Kusuntha nthawi kuja kumadalira kuyerekeza mmene mafunde a mphepo apendekera, ndipo magawo othamanga amatha kupitirira odekha panjira, nde kanthu kakang'ono ka masekondi kamene kanaoneka pa L1 simungakasake mu OMNI nkumayembekeza kukapeza mmene kanalili. Pa turbulence, pa ma shock, pa kusiyana kwa kutentha kuwiri kuja, bwererani ku deta ya chombo chenichenicho. Pressure ya mu OMNI ya mphindi imawerengedwa ndi 2×10⁻⁶ kuchulukitsa density ndi sikweya ya liwiro, osati 1.67×10⁻⁶ ya mapulotoni okha, chifukwa aikamo kale gawo loyerekeza la ma alpha, nde pa density 5 ndi liwiro 400 mupeza 1.6 nPa pomwe kuwerengera kwanu kwa mapulotoni okha kukupatsani 1.3. Onse awiri ndi olondola pa zimene akunena, bola mudziwe amene mwatenga. Ndipo pamene palibe deta, OMNI imalembapo ma 9 okhaokha monga 999.99, pomwe mafayilo ambiri a CDF, mtundu wa fayilo umene CDAWeb imapereka, amalemba -1e31, zimenezi muzichotse musanawerengere avareji iliyonse.

Masiku achilendo ndi amene amaonetsa malire a zipangizozi, ndipo ndi masiku omwewo amene anthu amafuna kwambiri. Kumapeto kwa Okutobala 2003, pa mikuntho ikuluikulu ija, tinthu tamphamvu kwambiri tochokera ku dzuwa tinalowerera mu SWEPAM ya pa ACE, chipangizo chopangidwa ku Los Alamos, nkusokoneza njira imene chimatsatirira phiri la mapulotoni, moti manambala a nthawi yomweyo sanali oona, ndipo gulu la chipangizocho linachita kubwerera ku miyezo ina yotambalala nkupeza kuti liwiro linapitirira 1,850 km/s. Kumbali inayo, pa 11 Meyi 1999 mphepo inatsala pang'ono kutheratu, density inatsika mpaka cha m'ma 0.2 pa cm³, ndipo pamenepo magetsi a pa mbale amayandikira phokoso la chipangizo. Nchifukwa chake ndimasiyanitsa kwambiri deta ya pompopompo, monga imene Space Weather Prediction Center ya NOAA ku Boulder imaonetsa, imene kuyambira 2016 inkadalira Faraday cup ya pa chombo cha DSCOVR, ndi deta yokonzedwa pambuyo pake ndi eni chipangizo. Pa CDAWeb mayina okhala ndi K0 ndi a deta yongoonera mwachangu, a H ndi amene anakonzedwa bwino, ndipo zingakhale bwino kusiyanaku kukanamaonekera kutali munthu asanasankhe.

Deta ya Parker Solar Probe iliponso, ndipo ndi yosangalatsa kuposa zonse koma ndi imene imafuna kusamala kwambiri. Chombochi chinanyamuka pa 12 Ogasiti 2018 ndipo pa 24 Disembala 2024 chinadutsa makilomita 6.1 miliyoni okha kuchokera pa nkhope ya dzuwa chikuthamanga pafupifupi 190 km/s. Chili ndi zipangizo ziwiri za ma ayoni. SPC ndi Faraday cup imene imasuzumira m'mbali mwa chishango chotchinga kutentha nkuyang'ana dzuwa maso ndi maso, SPAN-I ndi analyzer imene imabisala kumbuyo kwa chishangocho ndipo ili ndi gawo loyeza nthawi imene kanthu katenga kuuluka, nde imatha kusiyanitsa pulotoni ndi alpha ndi kulemera kwake, vuto la mapiri awiri lija nkuchepa. Koma chishango chomwecho chimatchinga mbali ya kumene SPAN-I imayenera kuona. Chombo chikakhala kutali ndi dzuwa mphepo imabwera molunjika, imalowa mu SPC, ndipo SPAN-I imangoona m'mphepete mwa gulu. Chikayandikira nkuthamanga kwambiri, liwiro lake lomwe limapangitsa mphepo kuoneka ngati ikubwera chammbali, apa nde imalowa bwino mu SPAN-I nkuyamba kuthawa SPC. Ma moments a mu PSP_SWP_SPI_SF00_L3_MOM ndi a zimene chipangizo chinaona basi, ngati theka la gulu linali kuseri kwa chishango density ituluka yochepa ndipo liwiro lipendekera kumbali imene inaoneka. Nde musanakhulupirire nambala yang'anani mmene flux yagawikira pa ma angle, ngati phiri lili kumapeto kwenikweni ndiye kuti simunalione lonse, ndipo fananizani ndi density ya ma antena a chipangizo cha FIELDS cha pa Parker pomwepo, njira ija ya kulira kwa pulazima.

Nkhani ya kupendekeka chifukwa cha liwiro la chombo ilipo ngakhale pa L1. Dziko limazungulira dzuwa pa pafupifupi 30 km/s, nde mphepo ya 400 km/s imaoneka ngati yapendeka ndi madigiri 4, ndipo deta zina achotsamo kale zimenezi zina ayi, muyenera kuwerenga. Ma coordinate nawonso, mu GSE mzere wa X umaloza ku dzuwa nde Vx imakhala negativu, mu RTN imene Parker ndi Solar Orbiter amagwiritsa ntchito R imaloza kutali ndi dzuwa nde liwiro lomwelo ndi pozitivu, ndipo pa za mikuntho ya dziko Bz imene imafunika ndi ya ma coordinate ena otchedwa GSM.

Maonekedwe a webusayitiyo ndi akale, mabokosi ochongapo, mndandanda wautali wa mayina ngati WI_H1_SWE amene munthu watsopano sangadziwe chimene akunena, koma ine sindikuona ngati vuto lalikulu, tsamba lake ndi lopepuka, limatseguka msanga, ndipo zinthu sizisunthasuntha malo chaka ndi chaka, chimene kwa munthu wa kafukufuku ndi chabwino. Mukhoza kujambula gilafu pomwepo, kutenga manambala ngati text, kapena kudawuniloda mafayilo a CDF. Amene mumalemba Python, cdflib imatsegula CDF popanda zambiri, cdasws imakoka deta molunjika kuchokera ku CDAWeb, ndipo pySPEDAS ili ndi njira zokonzedwa kale za Wind, ACE, Parker ndi zina, mizere ingapo basi deta yalowa. Ine ndimakonda kuyamba ndi gilafu ya pa webusayiti kuti ndione ngati masikuwo ali ndi deta ndi mmene ikuonekera, kenako nkukokera mu Python, chifukwa mu fayilo ya CDF muli metadata yonse, ma units, fill value, kufotokoza kwa variable iliyonse, dzina la mwini chipangizo, zimene gilafu siionetsa.

Chimene anthu ochepa amachigwiritsa ntchito koma chili chamtengo wapatali ndi chakuti CDAWeb imakulolani kutsika pansi pa manambala okonzedwa aja. Pa Wind pali WI_SW-ION-DIST_SWE-FARADAY imene ili ndi miyezo ya makapu pa window iliyonse ndi angle iliyonse, pa Parker pali ma L2 a SPAN-I, miyezo isanasandutsidwe ma moments, okhala ndi ma energy 32, ma deflection 8 ndi ma anode 8. Ngati ndinu wophunzira ndipo mukufuna kumvetsadi nkhaniyi, tengani sipekitiramu imodzi ya Wind ya tsiku la mphepo yodekha, sankhani angle imene kapu yayang'ana pafupi kwambiri ndi dzuwa, sandutsani voltage ya window iliyonse kukhala liwiro, jambulani, muona phiri la mapulotoni ndi kaphiri ka ma alpha kutsogolo kwake. Ikani Gaussian, mzere wa masamu wooneka ngati phiri, pa lalikululo ndi scipy ya mu Python, pakati pake ndi liwiro motsatira kumene kapu yayang'ana, kutambalala kwake ndi W, ndipo kukula kwake mukagawa ndi malo olandirira a kapu pa angle imeneyo mupeza density. Mukachita chomwecho pa ma angle atatu kapena kuposa a makapu onse awiri mupeza Vx, Vy ndi Vz. Kenako fananizani ndi WI_H1_SWE pa nthawi yomweyo, ndipo bwerezaninso pa tsiku la mphepo yothamanga ya 700 km/s pamene pali beam, muyese Gaussian imodzi kenako ziwiri, muone mmene Wpar ikusinthira.